Foni ikafa, maliro ake ndi a yani?

M'nyumba zambiri za m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba muli katoni kapena kabati momwe mudaunjikana zinthu zomwe eni ake sazigwiritsanso ntchito koma akusowa kozitaya: foni zakufa, machaja oduka, mababu akupsa, mawailesi omwe adasiya kulankhula ndi mabatire a sola omwe adaleka kusunga moto. Tsiku losamuka nyumba likafika, zina zimagulitsidwa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, zina zimaponyedwa m'dzenje la kuseri kwa nyumba n'kutenthedwa, pomwe zotsala zimakwera galimoto ya khonsolo kukathera ku mtaya wa Mzedi kapena wa ku Area 38.

Pa ulendo wonsewu pali mbali ziwiri zomwe sizionekanso: kampani yomwe idapanga chipangizocho ndi wamalonda yemwe adachilowetsa m'dziko muno. Iwo adawerenga phindu lawo tsiku lomwe adagulitsa. Mtolo umatsalira khonsolo yomwe ikuvutika kale kutola zinyalala za m'makomo, mnyamata wotentha mawaya pofuna mkuwa, ndi ana omwe amasewera pafupi ndi phulusalo.

M'maiko ambiri malamulo atembenuza dongosololi. Mfundo yake ndi yakuti yemwe waika chipangizo pamsika asenzenso udindo wochitolera ndi kuchiphwasula mosamala chikatha ntchito. Zomwe zachitika ku Ulaya, ku South Africa, ku Ghana ndi ku India zikuonetsa kuti kulemba lamulo lotere si kovuta. Povuta ndi potchula mosapsatira yemwe ayenera kulipira, kumupeza, ndi kuonetsetsa kuti ndalamazo zagwira ntchito yake. Kwa dziko ngati Malawi, lomwe limaitanitsa kunja pafupifupi chipangizo chilichonse chamagetsi, nkhani yagona pa funso limodzi: kodi "wopanga" ndi ndani?

Mulu womwe ukukula mofulumira

Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lomwe adatulutsa ndi mabungwe a United Nations a ITU ndi UNITAR, lidati m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya zinyalala zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, poyerekeza ndi matani 34 miliyoni mu 2010. Zinthu zikapanda kusintha, muluwu ufika matani 82 miliyoni pofika 2030. Mwa zinyalala za mu 2022, magawo 22 okha pa 100 alionse ndiwo ali ndi umboni woti adatoleredwa ndi kukonzedwa motsata njira zovomerezeka.

Lipotilo likuonetsanso kusiyana kwa zigawo za dziko lapansi. Munthu mmodzi wa ku Ulaya amataya zipangizo zolemera pafupifupi makilogalamu 17.6 pachaka, pomwe wa mu Africa amataya makilogalamu 2.5. Komabe ku Ulaya zinyalala zoposa magawo 40 pa 100 alionse zimadutsa m'manja mwa okonza ovomerezeka, pomwe mu Africa sizikwana ngakhale gawo limodzi. Africa imataya zochepa, koma pafupifupi zonsezo zimathera komwe palibe woziyang'anira.

Ku Malawi muluwu sukuchokera m'maofesi ndi m'nyumba za anthu opeza bwino mokha. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa theka amaunikira m'nyumba zawo ndi matochi a mabatire, pomwe magetsi amafikira mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse. Kuchokera nthawi imeneyo zipangizo za sola zafalikira m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni, ndipo foni yasanduka banki, wailesi ndi ofesi ya anthu mamiliyoni. Chimenechi ndi chitukuko chomwe palibe angachikane. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope: tochi, batire ndi foni iliyonse yomwe yalowa m'dziko muno lero ndi chinyalala cha zaka zochepa zikubwerazi.

Chuma ndi poizoni m'chinthu chimodzi

Zinyalala zamagetsi zimasiyana ndi zinyalala zina chifukwa zimasunga chuma ndi poizoni pamalo amodzi. M'kati mwa foni ndi kompyuta muli mkuwa, siliva ndi golide. Lipoti lomwe lija lidati zitsulo zomwe zidali m'zinyalala za mu 2022 zidali za ndalama zokwana madola 91 biliyoni a ku America. Koma galasi la wailesi yakanema yachikale ija yamsana lili ndi mtovu, mababu ena osatha magetsi ali ndi mekyule, firiji ili ndi mpweya womwe umaononga mlengalenga ukatuluka, ndipo pulasitiki yokutira mawaya ikatenthedwa imatulutsa utsi woopsa ku mapapo ndi thupi lonse.

Apa ndi pomwe msika paokha umalephera. Wogula zitsulo zakutha amasankha zomwe zili ndi mtengo: mkuwa, aluminiyamu ndi timatabwa ta m'kati mwa makompyuta. Galasi la mtovu, mapulasitiki ndi mababu alibe wogula, ndipo kuzisamala bwino kumafuna ndalama zambiri kuposa zomwe zingabwererepo. Choncho zimatayidwa pomwepo. Kampani yokonza zinyalala motsata malamulo, yomwe iyenera kusamala zonse, zaphindu ndi zopanda phindu, singapikisane pa mtengo ndi munthu yemwe amatenga zonona n'kusiya zotsalazo m'ngalande. Lamulo lopereka udindo kwa opanga zipangizo lidabadwa pofuna kutseka mpata umenewu.

Mtengo wa kusasamala umalipiridwa ndi moyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe unganenedwe kuti ndi wosavulaza, ndipo ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chifukwa mtovu umaononga ubongo womwe ukukula. M'zaka za 2007 ndi 2008, ana 18 adamwalira m'dera la Thiaroye-sur-Mer kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, komwe anthu ankaphwasula mabatire a galimoto pofuna mtovu wogulitsa. Mabatire a mtundu womwewo ndiwo akuyendetsa sola m'makomo ambiri a ku Malawi.

Momwe Ulaya adamangira opanga zipangizo

Ganizo loti udindo wa wopanga upitirire mpaka katundu wake atatha ntchito lidatchuka ndi katswiri wa ku Sweden, Thomas Lindhqvist, mu 1990. Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union udaliika m'lamulo la zinyalala zamagetsi lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2003 ndipo lidakonzedwanso mu 2012.

Pansi pa lamuloli, kampani iyenera kulembetsa m'kaundula wa dziko lililonse lomwe ikugulitsamo katundu, kupereka malipoti a kulemera kwa zipangizo zomwe yaika pamsika, ndi kulipira ntchito yozitolera ndi kuzikonza zikatha. Iyeneranso kuika pa chipangizo chilichonse chizindikiro cha bini yodulidwa ndi mtanda, chomwe ambiri amachiona kuseri kwa foni ndi machaja awo osadziwa kuti chikutanthauza kuti chinthucho chisatayidwe pamodzi ndi zinyalala zina. Makampani ambiri satolera okha. Amalowa m'mabungwe omwe amatolera m'malo mwawo, ndipo aliyense amasonkha molingana ndi kuchuluka kwa katundu yemwe wagulitsa.

Ogulitsa nawo sadasiyidwe. Sitolo iyenera kulandira mwaulere chipangizo chakale munthu akamagula chatsopano cha mtundu womwewo. Masitolo akuluakulu ogulitsa zamagetsi ayenera kulandira tizipangizo ting'onoting'ono, tosapitirira masentimita 25, ngakhale wobweretsayo asagule kanthu. Lamulo lina limaletsa kapena kuchepetsa kugwiritsa ntchito mtovu, mekyule ndi zitsulo zina zoopsa popanga zipangizo, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 foni zatsopano zogulitsidwa m'maiko a mgwirizanowu ziyenera kukhala ndi polowera chaja pa mtundu umodzi wa USB-C, pofuna kuchepetsa machaja otayidwa.

Mfundo yofunika kwambiri kwa Malawi ili m'tanthauzo la mawu. Lamulo la ku Ulaya silinena kuti "wopanga" ndi mwini fakitale yekha. Aliyense yemwe wagulitsa katundu m'dzina lake, kapena wamulowetsa m'dziko kuchokera kunja n'cholinga chochita malonda, amatengedwa ngati wopanga. Fakitale ikhoza kukhala ku Shenzhen, koma udindo umagwera yemwe lamulo la dzikolo likhoza kumufikira.

Ngakhale zili chomwechi, Ulaya sadafike pomwe ankafuna. Kuyambira 2019 dziko lililonse liyenera kutolera zinyalala zolemera magawo 65 pa 100 alionse a zipangizo zomwe zidalowa pamsika, potengera zaka zitatu zapitazo, koma maiko ambiri akulephera kufika pamenepo. Zipangizo zambiri zimangokhala m'makabati, zina zimalowa m'mabini wamba, ndipo amalonda ena, makamaka ogulitsa pa intaneti ali kunja, amazemba kulembetsa n'kusiyira anzawo omvera lamulo mtolo wonse. N'chifukwa chake dziko la Germany lidalamula kuti kuyambira 2023 misika ya pa intaneti izitsimikiza kaye kuti wamalonda adalembetsa isanamulole kugulitsa.

Zinyalala zovala dzina la "kaunjika"

Gawo lina la zipangizo zomwe sizitoleredwa ku maiko olemera limakwera sitima zapamadzi. Kafukufuku yemwe United Nations University idachita nawo m'madoko a ku Lagos ku Nigeria adapeza kuti m'zaka za 2015 ndi 2016 dzikolo linkalandira zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito zolemera pafupifupi matani 60,000 pachaka. Zambiri zinkachokera m'madoko a ku Ulaya, zochuluka zitapakiridwa m'kati mwa galimoto zakale, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi zidali zakufa kale.

Mbiri ya malonda oterewa ndi yakale. Mu 1988 migolo ya mankhwala oopsa ochokera ku Italy idapezeka itatayidwa m'tauni ya Koko ku Nigeria, ndipo mkwiyo womwe udabuka udathandiza kufulumizitsa pangano la Basel la 1989, lomwe limayang'anira kutumiza zinyalala zoopsa kuchokera dziko lina kupita dziko lina. Malawi adalowa m'panganoli mu 1994. Kwa zaka zambiri amalonda ankapeza pozembera ponena kuti katundu wawo si woopsa. Mu 2022, potsatira pempho la Ghana ndi Switzerland, maiko adagwirizana zosintha panganoli, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025 zinyalala zonse zamagetsi, zoopsa ndi zosaopsa zomwe, siziyenera kutumizidwa popanda chilolezo cholembedwa cha dziko lolandira ndi maiko omwe katunduyo adutsemo.

Kusinthaku kwapatsa Malawi mphamvu yokana. Koma mphamvuyo imagwira ntchito pokhapokha wapachipata akatha kusiyanitsa kompyuta yakale yomwe ikugwira ntchito ndi kompyuta yakufa. Kusiyanitsako n'kofunika chifukwa zipangizo zakaunjika si mdani. Ophunzira ambiri a m'sukulu zaukachenjede ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono sakadakhala ndi laputopu pakadapanda msika umenewu. Kuletseratu kungakhale kulanga osauka. Chofunika ndi chomwe lamulo la ku Ulaya limafunsa kale kwa otumiza: umboni woti chipangizo chilichonse chidayesedwa ndipo chikugwira ntchito, komanso kuti chapakiridwa mosamala monga katundu wamalonda, osati monga zinyalala.

Phunziro lochokera kwa anansi

Malinga ndi lipoti la 2024 lija, maiko 81 adali ndi lamulo kapena ndondomeko yokhudza zinyalala zamagetsi pofika 2023, ndipo 67 mwa iwo adaikamo mfundo yopereka udindo kwa opanga. Mu Africa maiko otere akadali ochepa, koma njira zomwe atsata zili ndi phunziro.

South Africa idasindikiza malamulo ake mu Novembala 2020 ndipo adayamba kugwira ntchito mu Meyi 2021. Opanga, oitanitsa ndi eni maina a katundu wamagetsi ndi mababu ayenera kulembetsa ku unduna woona za chilengedwe, kulowa m'bungwe lotolera zinyalala kapena kukhazikitsa dongosolo lawolawo, ndi kukwaniritsa milingo yotolera yomwe imakwera chaka ndi chaka. Wophwanya akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. M'chaka chomwecho cha 2021 dzikolo lidaletsa kutaya zinyalala zamagetsi m'mitaya. Chochititsa chidwi n'chakuti malamulowa amazindikira anthu otola zinyalala m'misewu ndi m'mitaya, ndipo amafuna kuti olembetsedwa azilandira malipiro pa ntchito yawo.

Ghana idatenga njira ina. Lamulo lake la 2016 lidakhazikitsa msonkho wapadera pa zipangizo zamagetsi zolowa m'dzikolo, woti uzipita ku thumba loyendetsera ntchito yotolera ndi kukonza zinyalala. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ndalama zimatoleredwa pamalo amodzi katundu asanamwazike. Kuipa kwake ndi kwakuti zonse zimadalira kuti thumbalo liyendetsedwe mokhulupirika ndi poyera. Ghana idaperekanso phunziro lina mu Julayi 2021, pomwe akuluakulu a boma adagumula malo otchuka ophwasulirapo zitsulo a Agbogbloshie mumzinda wa Accra. Ntchitoyo sidathe, ophwasulawo adangobalalikira m'madera ena komwe kuwayang'anira n'kovuta kwambiri.

Rwanda idayamba ndi kumanga. Boma lidakhazikitsa fakitale yophwasula zinyalala zamagetsi m'boma la Bugesera, yomwe ikuyendetsedwa ndi kampani ya Enviroserve, pozindikira kuti kulamula anthu kuti asataye zinthu mwachisawawa kulibe tanthauzo ngati palibe kopita nazo. Ku Nigeria makampani adakhazikitsa bungwe lawo la EPRON mu 2018 kuti lizitolera m'malo mwawo. Zambia nayo ili ndi malamulo opereka udindo kwa opanga katundu kuyambira 2018, ngakhale adatchuka kwambiri pa nkhani ya majumbo apulasitiki.

Makampani salandira ndi manja awiri

Lamulo lotere kawirikawiri silidutsa popanda kukokana, chifukwa limakhudza thumba la makampani. Ku India, komwe malamulo atsopano adayamba kugwira ntchito mu Epulo 2023, boma lidaika mtengo wotsikitsitsa womwe opanga ayenera kulipira okonza zinyalala ovomerezeka. Cholinga chidali choti okonzawo asamapikisane potsitsa mitengo mpaka kuyamba kudula njira. Pofika mu 2025 makampani monga Samsung, LG ndi Daikin adali atakamang'ala kubwalo lamilandu ku Delhi, ponena kuti mtengowo ukukweza kwambiri ndalama zomwe amaononga ndipo boma likulowerera pa zomwe msika uyenera kuweruza wokha.

Amalawi sakufunika kupita ku India kuti amvetse nkhondo yotereyi. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Makampani opanga mapulasitikiwo adathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera boma mu 2019, koma ziletso zina zidatsatira, ndipo majumbo adapitiriza kudzaza ngalande za m'mizinda kwa zaka zambiri lamulo lili m'mabuku.

Nkhani ya mapulasitiki ikupereka chenjezo ziwiri. Loyamba ndi lakuti lamulo lolembedwa mothamanga, popanda kumva mbali zonse ndi popanda maziko olimba m'lamulo lalikulu, limathera m'makhoti. Lachiwiri ndi lakuti mphamvu ya lamulo siili m'mawu ake koma m'kuthekera kwa oliyang'anira kuyendera, kuyeza ndi kulanga.

Wopanga wa ku Malawi ali pachipata

Maziko alipo. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa boma udindo wosamala chilengedwe ndi kuonetsetsa kuti anthu akukhala ndi kugwira ntchito m'malo aukhondo. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA mwachidule. Bungwe la MACRA ndi nthambi ya boma yoona za chilengedwe, mothandizidwa ndi ITU, adagwira ntchito yokonza ndondomeko ya dziko yoyendetsera zinyalala zamagetsi. Koma ndondomeko imangoloza njira. Yomwe imakakamiza kampani kutulutsa ndalama ndi malamulo atsatanetsatane otchula yemwe alipire, zingati, kwa yani, ndi chilango cha wolephera.

Kuthamangitsa mafakitale a ku China, ku Vietnam kapena ku South Korea n'kosatheka. Msika wa Malawi ndi waung'ono, ndipo lamulo la dziko lino silingawafikire. Yemwe lingamufikire ndi woitanitsa: makampani a lamya omwe amagulitsa foni, masitolo akuluakulu a katundu wamagetsi, makampani a sola, ndi mabungwe omwe amagawa zipangizo m'mapulojekiti achitukuko. Boma lenilenilo, lomwe limagula makompyuta ambiri, liyenera kukhala loyamba kuika m'mapangano ake ogulira katundu mfundo yoti wogulitsa adzatenge zipangizozo zikatha ntchito.

Apa kusakhala ndi nyanja yamchere kukhoza kusanduka mwayi. Katundu wochokera m'madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban amalowera pa zipata zowerengeka monga Mwanza, Dedza, Muloza, Mchinji ndi Songwe, kapena pa mabwalo a ndege. Bungwe lotolera misonkho la MRA limalemba kale katunduyu, bungwe loona za miyezo la MBS limayang'ana ubwino wake, ndipo MACRA imavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana. Kaundula wa oitanitsa akhoza kumangidwa pa ntchito yomwe ikuchitika kale, mmalo moyamba ofesi yatsopano.

Vuto lili pa amalonda ang'onoang'ono omwe amabwera ndi foni ndi machaja m'zikwama kuchokera ku Dar es Salaam, Johannesburg, Dubai kapena Guangzhou. Kuwauza kuti azilemba malipoti ngati kampani yaikulu n'kuwakankhira ku njira zozemba. Kuwasiya osalipira n'kulanga omvera lamulo. Njira yapakati ikhoza kukhala kandalama kochepa kolipira pachipata pa chipangizo chilichonse, pomwe makampani akuluakulu akupatsidwa milingo yotolera ndi udindo wopereka malipoti. Lamulo liyeneranso kunena yemwe asamale zipangizo zopanda mwini: zomwe zidalowa kale, ndi zomwe makampani ake adatseka.

Ndalamazo zikatoleredwa, funso ndi komwe zikagone. Zikalowa m'thumba lalikulu la boma, zikhoza kukathera ku ntchito zina, monga Amalawi aonera ndi misonkho ina yomwe idakhazikitsidwa ndi cholinga chapadera. Zikasiyidwa m'manja mwa makampani okha, akhoza kumalemba ziwerengero zokometsera. Maiko omwe achitako bwino amaphatikiza ziwirizi: makampani amayendetsa ntchito kudzera m'bungwe lawo, boma limaika milingo ndi kuyang'anira, ndipo mabuku a ndalama amawerengedwa ndi akatswiri oima paokha n'kuikidwa poyera.

Pali chinanso chomwe sichiyenera kuiwalika. Malawi akhoza kutolera, kusankha ndi kuphwasula, koma mafakitale osungunula timatabwa ta m'makompyuta kuti atulutse golide ndi zitsulo zina mosaononga chilengedwe ndi ochepa padziko lonse. Imodzi mwa odziwika ndi ya Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium. Choncho gawo lina la zinyalalazi liyenera kutuluka m'dziko muno, ndipo pansi pa pangano la Basel lifunika chilolezo cha dziko lolandira komanso cha maiko odutsamo monga Mozambique kapena Tanzania. Ofesi yoona zilolezozi ikakhala yochedwa, okonza ovomerezeka adzaunjika katundu m'nkhokwe pomwe ozembetsa akupita patsogolo.

Wolipira weniweni

Amalonda sanama akamanena kuti ndalama iliyonse yomwe angalipitsidwe idzalowa pa mtengo wa katundu. Panthawi yomwe mitengo ya zinthu yakwera ndipo ndalama zakunja zikusowa, kuonjezera ngakhale pang'ono pa mtengo wa foni kapena batire si nkhani yaing'ono, makamaka boma likufuna kuti anthu ambiri afikiridwe ndi intaneti ndi magetsi a dzuwa. Koma kusalipira pogula sikutanthauza kuti palibe wolipira. Lero akulipira ndi okhala pafupi ndi mitaya, omwa madzi a m'zitsime zoyandikana ndi pomwe mabatire amaphwanyidwira, ndi zipatala za boma. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo umenewu sulembedwa pa lisiti.

Lamulo lolembedwa bwino likhozanso kupindulira wogula. Woitanitsa akadziwa kuti adzalipira pa chipangizo chilichonse chomwe chidzafe, amayamba kuganiza kawiri asanabweretse matochi, mababu ndi mabatire omwe amatha m'miyezi yochepa. Malipiro akhoza kukonzedwa kuti katundu wolimba ndi wokonzeka azilipira zochepa kuposa katundu wosakhalitsa.

Pomaliza pali anthu omwe akugwira kale ntchitoyi popanda lamulo kuwatuma: amisiri okonza foni, mawailesi ndi mafiriji m'misika ya Limbe, Ndirande, Lilongwe ndi Mzuzu, komanso anyamata oyenda khomo ndi khomo kugula zitsulo zakutha. Amisiriwa amatalikitsa moyo wa zipangizo, yomwe ndi njira yabwino koposa yochepetsera zinyalala, ndipo ogula zitsulowa amafika m'makwalala momwe galimoto ya khonsolo sifika. Zomwe zidachitika ku Agbogbloshie zikuonetsa kuti kuwathamangitsa kumangosamutsa utsi. Zomwe South Africa ikuyesa zikuonetsa njira ina: kuwalembetsa, kuwaphunzitsa, ndi kuwalipira kuti abweretse chipangizo chathunthu, chosaphwanya ndi chosatentha, pa mtengo woposa womwe akadapeza pogulitsa mkuwa wokha.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo, MEPA ndi amalonda akadzakhala pansi pa nkhaniyi, muyeso wa ntchito yawo sudzakhala kukongola kwa mawu a lamulo. Udzakhala wakuti mayi wa ku Kawale kapena ku Chilomoni yemwe ali ndi batire lakufa pakhonde akudziwa kopita nalo, kumeneko kuli pafupi, ndipo woitanitsa batirelo ndiye walipira ulendo wake wotsiriza.